Anatituma Kukamvera Bandi

Msuweni wanga anathyoka mwendo kutatsala masiku anayi kuti chaka chithe. Anagwa pa boda, kabaza wa njinga yamoto, kufupi ndi kwawo ku Utawala, njingayo ikuzemba dzenje lamadzi, ndipo anatuluka m'chipatala ndi chikhakha kuchokera kuphazi mpaka pabondo. Nditapita kukamuona ndinamupeza akulira. Ndinayesa ndi ululu wa mwendo. Koma ayi, ankalirira matiketi awiri amene anali patebulo.

Nthawi imeneyo ndinali nditakhala zaka zitatu ku Nairobi. Ndinkagwira ntchito kubungwe lina lophunzitsa anamwino, ndipo ndinkakhala ku Syokimau. Abale anga mumzindamo anali awiri basi: amalume, amene ankagwira ntchito kuofesi ya mpingo ndipo Lamulungu ankatsogolera kwaya, ndi mwana wawoyu, amene anali kuyunivesite. Akazi awo anali atapita kumudzi ku Ntcheu kukadya Khirisimasi.

Matiketiwo anali a bandi ina ya anyamata asanu a m'tauni momwemo. Nyimbo zawo sizinkamveka kawirikawiri pa wailesi, chifukwa nyimbo ya mphindi zinayi iwo ankatha kuikoka mpaka theka la ola, akupeka pomwepo pasiteji, ndipo sankaiyimba mofanana kawiri. Anthu oitsatira sanali ochuluka kwambiri koma anali okakamira. Ankalemba mndandanda wa nyimbo za konsati iliyonse, n'kumakangana kuti nyimbo yakuti inayimbidwa bwino liti. Tsiku lomaliza la chaka bandiyo inkayimba m'holo yaikulu ya masewera, ndipo kwa iwo tsiku limeneli linkaposa Khirisimasi. Tiketi imodzi inali ya msuweni wanga. Inayo inali yanga. Anandikakamiza kwa miyezi iwiri, ine n'kuvomera kuti angondisiya.

"Mupatse mnzako wina," ndinatero. "Yangayinso atenge."

"Onse ali nawo kale. Komanso iwowo akakavina amaiwala. Aliyense adzandiuza zake." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'ana kukhomo la kukhitchini. "Apite adadi."

Amalume anatulukira ndi kapu ya tiyi m'manja. Anali atamva. Maganizo awo pa bandiyi tinkawadziwa tonse, chifukwa ankawanena nthawi iliyonse mwana wawo akatsegula nyimbozo pabalaza.

"Nyimbo imakhala ndi mutu ndi mchira," anatero. "Anyamata akowo amachita pulakatisi pagulu, anthu n'kumawombera m'manja."

"N'chifukwa chake ndikutuma inuyo. Simukavina. Mukangolemba nyimbo iliyonse, n'kudzandiuza mmene inamvekera. Inu muli ndi makutu, adadi."

"Si amajambula?"

"Zojambula zimatuluka pakatha sabata. Ine ndidikire sabata?"

Amalume anakana tsiku limenelo, n'kukananso mawa lake. Tsiku lachitatu anandiyimbira foni kundifunsa kuti kumalo ngati amenewo anthu amavala chiyani. Ndinawauza kuti chilichonse. Anabwera atavala suti ya buluu ndi tayi, m'thumba muli kope limene ankalembamo nyimbo za kwaya. Mwana wawo tinamusiya ndi mayi wina woyandikana naye nyumba.

Tinafika dzuwa lisanalowe, mzere utafika kale kumsewu. Anthu ambiri anali atavala malaya amitundumitundu ngati anawaviika m'utoto mwangozi. Ena ankagulitsa chimanga chootcha ndi soseji, ena ankagawana timapepala tolosera nyimbo imene iyambe. Aliyense ankawapatukira amalume, poganiza kuti ndi bwana wa pamalopo. Mtsikana wina anafika powafunsa kumene kuli zimbudzi, iwo n'kumulozera ndithu, ngakhale sankadziwa.

Mipando yathu inali m'mbali, chapamwamba pang'ono, pamalo poonekera bwino siteji. Kudzanja lamanja kwa amalume kunakhala mayi wina wa ku Kenya komweko, wa madiredi aimvi, wazaka ngati zawo. Kumanzere kwanga kunali bambo wamtali wa chipewa chofiira, atabwera ndi chibwenzi chake. Vuto lathu linaonekera nyimbo yoyamba itangoyamba: tonse awiri sitinkadziwa dzina la nyimbo ngakhale imodzi. Amalume anatsegula kope, n'kulemba nambala wani, cholembera n'kuima.

Mayi wa madiredi uja anasuzumira m'kopemo. Amalume anamufotokozera m'Chingerezi za mwana wawo ndi mwendo wake.

"Pole," anatero mayiyo, kupepesa m'Chiswahili. "Musadandaule, mzee. Ine ndinayamba kuwatsatira akuyimba m'kabala ka matebulo asanu ndi limodzi. Ndizikuuzani."

Ankawauzadi, koma bambo wa chipewa chofiira sankagwirizana naye nthawi zonse. Pa nyimbo yachitatu anakangana modutsa pamaso pathu. Mayiyo ankati ndi nyimbo yatsopano. Bamboyo ankati ayi, ndi yachiwiri yomwe ija, sinathe, yangosintha malaya. Amalume anayang'ana uku, n'kuyang'ana uko, kenako analemba mayina onse awiri ndi kuika chizindikiro cha funso.

Ine zoona zake sindinkamva kanthu kapadera. Ndinkaona anthu asanu akuyang'anizana, nthawi zina atatembenukira kumbuyo gulu lonse. Woyimba ankayimba mavesi awiri, n'kuchoka pa maikolofoni kukamwa madzi, zoyimbira n'kumapitirira zokha. Chimene chinkandisangalatsa chinali kuonera anthu. Panali ena ovina maso ali chitsinzire, manja akuyandama ngati akusambira. Panali ena oima chilili, osagwedezeka, atangopendeketsa mutu. Nthawi ndi nthawi holo yonse inkafuula pamodzi popanda chimene ine ndaona, ndipo ndikafunsa, bambo wa chipewa ankandiuza kuti wagitala wangodutsitsa kachidutswa ka nyimbo imene sanaiyimbe kwa zaka zambiri. Kachidutswa ka masekondi atatu. Anthu ankakumbatirana chifukwa cha kameneko.

Amalume anakhala chigawo chonse choyamba manja atapinda pachifuwa. Ankawamasula pofuna kulemba basi. Pambali pa dzina lililonse ankaikapo ndemanga: yatalika, wang'oma akuthamanga, mawu sakumveka.

Pa nthawi yopuma chibwenzi cha bambo wa chipewa chinapita kukagula madzi. Bamboyo anawerama n'kutionetsa kabokosi kakang'ono m'thumba la jekete.

"Akamawerenga masekondi a chaka chatsopano," ananong'ona. "Akangofika pa ziro, ndigwada."

Amalume anamugwira chanza mwaulemu, n'kumufunsa ngati makolo a mtsikanayo akudziwa. Bamboyo anaseka, poyesa nthabwala.

Nyimbo yachisanu ndi chiwiri ndi imene anthu anakambirana kwa milungu yambiri pambuyo pake. Inayamba mwakachetechete, kutatsala mphindi ngati makumi awiri kuti chaka chithe. Mayi wa madiredi anatiuza kuti imeneyi ndi yaifupi, aimaliza msanga kuti awerenge masekondi, monga amachitira chaka chilichonse. Woyimba anamaliza mavesi ake n'kubwerera m'mbuyo. Wagitala anayenda nayo pang'ono. Kenako wakiyibodi analowa, ndipo amalume anadzuka pampando ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Waphonya," anatero m'Chichewa, osauza munthu aliyense.

Ine sindinamve kuphonya kulikonse. Ndinangomva kuti nyimbo yachita ngati yapendekeka, ngati basi ikamakhota pamalo otsetsereka. Anthu anakhala chete kanthawi kochepa. Kenako phokoso linakwera kuchokera pansi kutsogolo kwa siteji n'kufalikira holo yonse. Mayi wa madiredi anagwira mutu ndi manja onse awiri. Amalume sanakhalenso pansi. Anaimirira chomwecho, kope lili m'manja, maso ali pa wabesi, milomo ikugwedera ngati akuwerenga chinachake.

Nyimboyo sinathe. Inatsika mpaka kutsala ng'oma ndi besi zokha, n'kukweranso. Ndinayang'ana foni yanga: chaka chinali chitatha mphindi zinayi zapitazo. Kunja kunkamveka makombola a chikondwerero, koma mkatimo owamva anali ochepa. Apa ndi apo ndinkaona nkhope zowala ndi mafoni, anthu akugwedezana mapewa, kuonetsana nthawi. Ena anayamba kuwerenga okha masekondi mochedwa, koma mawu awo anamira. Bambo wa chipewa chofiira ankavina maso ali chitsinzire, chibwenzi chake chikumuyang'ana.

Pamene nyimbo inabwerera pa vesi yake yoyamba n'kutha, chaka chatsopano chinali ndi mphindi khumi ndi zisanu. Woyimba anayang'ana wotchi, n'kuseka, n'kunena kuti pepani, chaka chabwino nonse. Theka la holo linakuwa mosangalala. Ena anawowoza ndithu. Mayi wa madiredi ankalira poyera, misozi ikutsikira m'khosi, akubwereza kuti zaka zonsezi ankadikira usiku umenewu. Bambo wa chipewa anayang'ana foni yake, n'kugwira thumba la jekete, nkhope n'kugwa.

"Anthu awa alibe ulemu," anatero. "Chaka chilichonse amawerenga. Chaka chilichonse!"

"Inuyo munali kuti?" anafunsa mayi uja.

Bamboyo anabweza foni m'thumba. Anatuluka nyimbo yomaliza isanathe, chibwenzi chake chikumutsatira m'mbuyo, chikufunsa chimene chalakwika. Sindikudziwa ngati anagwada tsiku lina.

Ndinagona ku Utawala. M'mawa amalume anapita ku Misa ya chaka chatsopano osanena zambiri, kope n'kupita nalo, poti munalinso nyimbo za tsikulo. Msuweni wanga anandipanikiza ndi mafunso, koma mayankho anga sanamukhutitse. Ndinamuuza kuti kunali anthu ambiri, kuti nyimbo ina inatalika, kuti wina analephera kufunsira mkazi. Anandiyang'ana ngati ndapita kunyanja n'kubwerako ndi nkhani ya fumbi la m'njira.

Masana kunabwera anzake awiri a kuyunivesite amene anali kukonsatiko. Wina anali mnyamata wa ku Mangochi wophunzira za mankhwala, mawu atasasa ndi kukuwa. Winayo anali mtsikana wa ku Kenya, wa m'kalasi mwa msuweni wanga, wochokera ku Ruaka. Anabwera ndi mandazi, n'kukhala pansi mozungulira mwendo wa chikhakha uja, aliyense foni m'manja. M'gulu lawo la pa foni munali mutayaka moto kuyambira m'bandakucha, ndipo ankatiwerengera mokweza. Ena ankati bandiyo yanyoza anthu amene anasiya mabanja awo kuti adzalowe chaka limodzi. Ena ankati amene akufuna kuwerenga masekondi akagule wotchi. Wina analemba kuti wakhala akuwatsatira kuyambira pachiyambi ndipo sadzapitanso. Wina anamuyankha kuti ananenanso zomwezo chaka chatha.

Koma pa chinthu chimodzi onse ankagwirizana, okwiya ndi osangalala omwe: pamene wakiyibodi analowa pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri. Ankati chinali chinthu chanzeru kuposa chilichonse chimene bandiyo inachitapo. Mnyamata wa ku Mangochi ankati anachikonzekera kwa miyezi.

"Munthu sungangolowa choncho," anatero. "Anatsegula chitseko chimene palibe ankadziwa kuti chilipo. Ine thupi lonse linachita tsembwe."

Msuweni wanga ankamvetsera ataluma mlomo. Apa n'kuti amalume akulowa, atakolowola tayi. Alendowo anaimirira kuwapatsa moni. Mtsikana wa ku Ruaka anawayang'anitsitsa, n'kuyang'ana foni yake, n'kuyamba kuseka. Wina anali atawajambula ali chiimire ndi kope lawo pakati pa anthu ovina, ndipo chithunzicho chinali chitazungulira gulu lonse. Ankawatcha mzee wa suti, kutanthauza kuti mdala wa suti. Ena ankati ndi mtolankhani, ena ankati ndi bambo ake a wang'oma.

Amalume anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kubweza foni. Anakhala pampando wawo, n'kutsegula kope.

"Wandituma, ndabwera," anauza mwana wawo. Anawerenga mndandanda wonse, dzina ndi ndemanga yake, mwa mawu omwe ankalengezera nyimbo kutchalitchi. Atafika pa yachisanu ndi chiwiri anatseka kope.

"Apa mnyamata wa kiyibodi analakwitsa."

Alendo aja anayang'anana.

"Analakwitsa bwanji, adadi?"

"Analowa pa kiyi yolakwika. Theka la sitepe pamwamba. Ndinamuona, anachotsa dzanja lamanzere msanga ngati wagwira mbaula, n'kuyang'ana pansi. Wabesi anamuyang'ana kamodzi, n'kukwera kumutsatira komweko. Wang'oma anachepetsa liwiro kuti awapatse mpata. Wagitala anachedwa, anayenda yekha mizere inayi, kenako nayenso anakwera. Zonse zija mukuti chitsekozi, anali anthu asanu akufunafuna njira yobwererera kwawo. Anayesa kawiri n'kulephera. Kachitatu ndiye anafika. N'chifukwa chake chaka chinawadutsa."

Mnyamata wa ku Mangochi anapukusa mutu. Analankhula mwaulemu.

"Pepani bambo, koma anthu aja ndi akatswiri. Anachita dala."

"Mwanawe, ndayimbitsa kwaya zaka zambiri kuposa zimene wakhala ndi moyo. Munthu wochita dala sayang'ana pansi."

Mtsikana wa ku Ruaka anafunsa kuti akuti chiyani, poti zonsezi zinali m'Chichewa. Atamumasulira anawomba m'manja n'kugwa chagada ndi chiseko. Iye anati zimenezi zikungoikometsa nkhaniyo, ndipo anayamba kulemba m'gulu muja nthawi yomweyo kuti mzee wa suti wapezeka, ndipo akuti kunali kuphonya. Mnyamata uja anamupempha kuti asatumize. Anatumiza.

Mayankho anayamba kugwa tisanamalize tiyi. Ena anatukwana. Wina anafunsa kuti mzeeyo wayimbapo pasiteji iti. Wina, amene anati amaphunzitsa piyano, analemba kuti nayenso anamva chomwecho koma ankaopa kunena. Pofika madzulo nkhani ya masekondi inali itaiwalika, anthu atagawikana mwatsopano: a dala ndi a ngozi. Amalume sanafune kuwerengeredwa chilichonse. Anapempha madzi osamba.

Asanatuluke pabalaza, mwana wawo anawafunsa funso limene ine ndinkafuna kufunsa.

"Ndiye munaikonda?"

"Sindinanene kuti ndinaikonda. Inatalika." Anaima pakhomo, thaulo lili paphewa. "Koma wabesi uja ndi munthu. Ine wina akaphonya ndimaimitsa kwaya yonse, aliyense n'kudziwa kuti ndi uje. Iye sanafune kuti mnzake achite manyazi pamaso pa anthu onse aja."

Zojambula zinatuluka patatha sabata ndi masiku angapo. Loweruka lotsatira ndinapitanso ku Utawala, nditanyamula zipatso. Ndinapeza nyumba ili zii. Amalume anali panja akupukuta nsapato, ndipo anandiuza motsitsa mawu kuti mwana wawo sakuwalankhula kuyambira Lachinayi.

Ndinamupeza kuchipinda, mwendo uli pa pilo, zomvera zili m'makutu. Anachotsa chimodzi n'kundipatsa, n'kubweza nyimbo ija pamalo pake. Ndinamvanso kupendekeka kuja, osaposa apo.

"Ulendo woyamba sindinamve kanthu," anatero. "Inali yokoma kuposa mmene ankanenera. Ndinalira. Kachiwiri ndinamvetsera dzanja lamanzere, monga ananenera adadi. Lilipo, asuweni. Amalichotsadi. Tsopano ndikaitsegula ndimangodikira pamenepo. Andiwonongera nyimbo."

Ndinamuuza kuti anawatuma yekha. Anati akudziwa, ndipo n'chimene chikumupsetsa mtima kwambiri.

Tinadya chamasana mwakachetechete, iye mbali iyi, bambo ake mbali iyo. Titamaliza, ndikuchotsa mbale, anakankhira foni yake pakati pa tebulo.

"Adadi, pali ina. Ya zaka zitatu zapitazo. Anthu amati ndi yachiwiri kukoma. Mumvere."

Amalume anapukuta m'manja, n'kuvala magalasi ngakhale panalibe choti awerenge. Anaika zomvera m'makutu mosazolowera, mwana wawo n'kuwakonzera. Nyimboyo inali ya mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo anaimvera yonse, maso ali patebulo, chala chikugunda pang'onopang'ono m'mphepete mwa mbale ya zipatso. Ine ndinatsuka ziwiya, n'kupukuta, n'kubwerera, iwo akadamvera. Msuweni wanga sanachotse maso pankhope pawo.

Itatha anavula zomvera n'kuziika pansi bwinobwino.

"Apa sanaphonye," anatero. "Angotalikitsa."

Msuweni wanga anatenga foni yake n'kuiyang'ana kanthawi. Ndinaona kuti wakhumudwa.

"Palibe ngakhale pang'ono?"

"Palibe."

"Chabwino," anatero, akufufuza kale m'foni muja. "Pali inanso."

Amalume anayang'ana wotchi, chifukwa pulakatisi ya kwaya inkayamba folo koloko. Kenako anandipempha kuti ndiwaikire madzi a tiyi, n'kubwezera zomvera m'makutu.